Mutu 6: Tsiku Limene a Khoo Anaika Zida Pansi

1. Makina ali chitsegulire

Kwathu ku Wuxi, munthu akanena kuti amagwira ntchito ku fakitale ya tiubongo ta makompyuta, anthu amamuyang'ana kawiri. Tiubongoti ndi tinthu tating'ono ngati chikhadabo, koma popanda ito foni siyankhula ndipo galimoto yamakono siyenda. Dai Ruolan analowa ntchito kumeneko atangomaliza sukulu ya zaumisiri. Mchimwene wake Wenbo anali atayamba kale, m'gulu loyendetsa makina. Ine ndinali wa gulu lomwelo, choncho zambiri zimene ndikusimbazi ndinaziona ndi maso anga.

Ruolan sankayendetsa makina ngati ife. Iye ankaphunzira kuwakonza. Mphunzitsi wake anali a Khoo, bambo wa imvi wochokera ku Penang, m'dziko la Malaysia. A Khoo sanali wantchito wa fakitale yathu. Anali wa kampani yakunja imene inapanga makina aakulu a m'chipinda chathu, ndipo kampaniyo inawatumiza kuti azikhala nafe n'kumawasamalira. Anakhala nafe zaka zambiri, mpaka anazolowera shuga amene timathira mu ndiwo, ngakhale kudandaula naye sanasiye.

Amisiri ali ndi mwambo wawo. Wophunzira akafuna kuti mmisiri akhale mphunzitsi wake weniweni, amamuthirira tiyi anthu akuona, n'kumupatsa ndi manja awiri. Mmisiri akamwa, ndiye kuti wavomera. Achinyamata ambiri masiku ano amauseka mwambowu, koma Ruolan sanauseke. Tsiku limene a Khoo anamwa tiyi wake, anamulonjeza tonse tikumva kuti, "Kuyambira lero, chilichonse chimene udzandifunse ndidzakuyankha. Amene anandiphunzitsa ine sanandibisire kanthu, inenso sindidzakubisira."

Lachisanu lina m'mawa, awiriwa anali atatsegula makina aakulu kuposa onse. M'kati mwake mumakhala mphete yagalasi, kukula kwake ngati chivundikiro cha poto wamkulu. Yakale inali itapsa, ndipo anali ataichotsa. Yatsopano inali pambali, ikadali yokutidwa. Kosungira katundu kunalibenso ina.

Nkhani inali pokhazika mpheteyo. Pamafunika kumanga mabawuti ndi kukweza moto pang'onopang'ono, motsata njira imene ankaidziwa amisiri a kampani yakunja okha. Ukaphonya, galasi limang'aluka.

"Lero ndikuonetsa mmene timakhazikira iyi," a Khoo anatero. "Utsegule maso. Ine ndakalamba, sindibwereza."

"Mumatero tsiku lililonse, aphunzitsi, koma mumabwereza."

"Nanga nditani poti anandipatsa wophunzira wogontha?"

Asanagwire mpheteyo, foni ya pakhoma inalira. Ankafuna a Khoo. Anamvetsera nthawi yaitali. Atabwerera, anatenga sipanala imene inali m'manja mwawo n'kuigoneka pa nsalu, pambali pa zinzake.

"Phimba makinawa ndi pulasitiki," anatero.

"Tisanamalize?"

"Phimba."

Tonse tinayang'anana. M'chipinda chimenecho timavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi poopa fumbi, ndipo a Khoo omwewo ndi amene ankatikalipira kuti makina satsala otsegula ngakhale kunja kutagwa chivomezi.

2. Chenjezo la a Khoo

A Khoo anakakhala pa benchi m'chipinda chovulira. Ine ndinali kuseri kwa makabati ndikusintha nsapato, ndipo sindinaone chifukwa chotulukira.

"Khala apa, Ruolan," anatero. "Ndiyankhula zambiri, ndipo usandidule.

"Boma la dziko limene kuli kampani yanga lakhazikitsa lamulo. Akuti makina amakono opangira tiubongo asagulitsidwenso ku mafakitale ngati ino. Zitsulo zake zosinthira zisatumizidwenso. Ife antchito a kampani tisawagwirenso, kuyambira ola lino. Iwo akuti akuopa kuti tiubongo tamphamvu tikalowa m'zida zankhondo. Kaya ndi zoona, kaya ndi mpikisano wa malonda chabe, ine sindine woweruza. Ndine mmisiri basi.

"Koma umvetsetse apa. Lamuloli silikumanga manja okha. Likumanganso pakamwa. Kwa iwo, mawu amene ndingakuuze ndi katundu, chimodzimodzi chitsulo chodutsa pa malire. Ndikakuuza mmene timakhazikira mphete ija, ndiye kuti ndazembetsa katundu woletsedwa. Ntchito yanga ithera pomwepo. Palibe kampani imene idzandilole kugwiranso makina, ndipo mwina ndidzaima m'khoti mutu uli mbuu chonchi. Anzanga a ku ofesi ku Penang adzapanikizidwa ndi mafunso chifukwa cha ine.

"Makina aja udzawayang'ane bwino tsiku lina. Galasi lake linachokera dziko lina, mapaipi dziko lina, nzeru zoyendetsera dziko linanso, ndipo anyamata amene anawamanga pamodzi amayankhula zinenero zinayi kapena zisanu. Ine anandiphunzitsa ndi mayi wina wa ku Japan, wovuta kuposa ine. Iye anaphunzira kwa mzungu. Ine ndaphunzitsa ana a ku Korea, a ku Taiwan, ndi iwe. Palibe dziko limene lingapange kaubongo kamodzi palokha. Ndinkaganiza kuti zimenezi zidzatigwirizanitsa mpaka kalekale, chifukwa aliyense akufuna mnzake. Ndinkaganiza ngati mmisiri. Akuluakulu a maboma saganiza choncho."

Ruolan anali atavula chophimba kumaso.

"Ndiye makina aja akhala choncho?"

"Ndati usandidule. Chovuta ndi ichi. Ndinamwa tiyi wako anthu akuona, ndipo ndinalonjeza. Lamulo lawo labwera lero, lonjezo langa ndi lakale. Ukandifunsa za mpheteyo, ndikuyankha. Sindinabwezepo wophunzira, ndipo sindiyamba ndili ndi imvi. Ndakuuza zimene zidzandichitikire kuti ukamafunsa, ufunse ukudziwa. Ndege yanga ndi ya Lamulungu."

Anaimirira, napachika chovala chawo choyera, natuluka.

Ine mpaka lero ndimawakwiyirabe a Khoo chifukwa cha mawu amenewa. Munthu wamkulu amayenera kunena yekha kuti ayi, mlandu n'kukhala wake. Iwo anasunga ulemu wawo wa umisiri, mtolo wonse n'kumusenzetsa mwana amene anali asanathe n'chaka chomwe pa ntchito.

3. Pakamwa ndi pako

Masana ake a Pang, bwana wa chipinda chathu, anamuitana Ruolan ku ofesi. A Pang sanali munthu woipa. Anali wamantha, ndipo tsiku limenelo akuluakulu a pamwamba anali atawathira moto, moti thukuta linkachita kuyenderera m'khosi. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo mawu awo ankamveka mpaka pakhonde.

"Mawa masana tikawatsanzika a Khoo ku lesitilanti," anatero. "Ndikakutchula, udzaimirire, uwathirire tiyi, uwafunse za mphete ija. Funso limodzi basi. Tonse tikudziwa kuti iwe sangakukanize."

"Abwana, akayankha alowa m'mavuto."

"Adziwa ndani?"

"Mudzalemba zimene adzanene?"

"Ndidzaika foni patebulo izijambula mawu. Zinthu zotere sizodalira mutu."

"Ndiye amisiri onse adzamva mawu awo pa foniyo. Zidzatha mwezi zisanafike ku kampani yawo?"

A Pang anamenya tebulo. "Iwe, ukundiphunzitsa ntchito? Makina aja akaima, mzere wonse wa makina opangira tiubongo waima. Mzere ukaima, gulu lonse likupita kunyumba, kuyambira mchimwene wako. Lamulo limenelo si lathu. Sitinalipange, sanatifunse. Ukuopa lamulo la eni ake kusiya mimba za anthu akwanu?"

Ruolan anawerama n'kutuluka.

Zakunyumba anandiuza yekha pambuyo pake. Wenbo anali atafika kale ndi nkhaniyo. Mkazi wake, amene anali woyembekezera, anali atakhala pakona. Mpunga unali patebulo koma palibe anaugwira. Bambo awo, a Dai, ndi amene anayamba.

"Mwanawe, ine ndinagwira ntchito ku fakitale ya silika kuyambira ndili mnyamata. Iwe unali usanabadwe pamene inatsekedwa. Anatiuza kuti tipume milungu ingapo, makina akonzedwe. Tinasiya makapu athu a tiyi pa mashelefu poganiza kuti tibwerera. Sitinabwerere. Ndinaona amuna amene ankaopedwa ndi mzinda wonse akupalasa njinga za katundu pa siteshoni, akubisa nkhope akaona mnansi. Mnzanga wina ankavala yunifolomu m'mawa uliwonse n'kumakakhala m'paki mpaka madzulo, kuti mkazi wake asadziwe. Fakitale ikaima siimirira kudikira munthu. Ogula amapita kwina ndipo sabwerera.

"A Khoo ndi munthu wabwino. Anadya m'nyumba muno, ndipo ndimawalemekeza. Koma Lamulungu akwera ndege. Kwawo ali ndi nyumba, ana awo ndi akuluakulu. Mchimwene wakoyu alibe ndege yokwera. Mlamu wakoyu achira dzinja lisanafike. Anthu amene alemba lamulolo sadziwa dzina lathu, sadziwa kuti kuli Wenbo. Iwe ukuwadziwa onse awiri, mphunzitsi wako ndi mbale wako. Usadzinamize kuti ukakhala chete ndiye kuti sunapweteke munthu. Kukhala chete nakonso kudzagwetsa wina.

"Sindikukulamula. Ndinakulera kuti usamagwiritse ntchito munthu amene wakuchitira zabwino, ndipo sindibweza mawu amenewo lero chifukwa chakuti zativuta. Ndangofuna uone mbali zonse ziwiri. Pakamwa ndi pako."

"Pakamwa ndi pake, koma ntchito ndi yanga!" Wenbo anakuwa. "Bambo, mukumusokoneza. Iwe Ruolan, ndinakunyamula kumsana popita ku sukulu mvula ikugwa. Amene anakatenga mapepala ako kukapereka ku fakitale ndi ine. Lero ukuyeza ine ndi mlendo pa sikelo imodzi?"

"Achimwene, si mlendo. Ndi mphunzitsi wanga."

"Ndiye akakudyetse ku Penang."

Anatenga jekete n'kutuluka. Ruolan anachotsa mbale patebulo, nazitsuka zonse ngakhale zinali zosadyera.

4. Patebulo lozungulira

Loweruka masana tinasonkhana m'chipinda chapamwamba cha lesitilanti. A Khoo anawakhazika pampando woyang'ana kukhomo, monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. A Pang anaitanitsa zonse: nthiti za nkhumba zotsekemera, nkhanu, masamba, ndi nsomba yathunthu imene mutu wake anaulozetsa kwa a Khoo.

"Shuga uyu ndi amene ndikumuthawa," a Khoo anatero akutola nthiti. "Lamulo langondipatsa podzera."

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kokakamiza. A Pang ankangowadzazira kachasu wa mpunga m'kagalasi, akugundanitsa galasi lawo munsi mwa la a Khoo posonyeza ulemu. A Khoo ankangonyambita n'kuika pansi. Iwo ankadziwa chimene tinabwerera, ndipo ifenso tinkadziwa kuti akudziwa.

Nsomba itatsala minga, a Pang anatulutsa foni, naigwira pang'ono, naiika chafufumimba pafupi ndi mbale ya a Khoo. Kenaka anatembenuza galasi lozungulira loikapo zakudya la pakati pa tebulo mpaka ketulo ya tiyi inafika pamaso pa Ruolan.

"Ruolan, athirire aphunzitsi ako tiyi wotsanzikana. Paja unali ndi kafunso."

Wenbo anaika timitengo take todyera pansi. Tonse amene tinali pamenepo tinali a mzere umene unaima, ndipo aliyense anali ndi anthu omudalira kunyumba.

Ruolan anaimirira. Anathira tiyi, nazungulira tebulo, naima pamaso pa a Khoo kapu ili m'manja awiri. Tiyi wina anatayikira pa zala zake, koma sanaisiye kapuyo.

A Khoo nawonso anaimirira, chinthu chimene mphunzitsi sachitira wophunzira. Anayang'ana foni ija, kenaka anayang'ana mtsikanayo.

"Funsa, mwana wanga," anatero. "Ndili pano."

Ruolan anatembenuka n'kumuyang'ana mchimwene wake. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo misozi inayamba kutsika. Atatero anabwerera kwa a Khoo.

"Ndilibe funso, aphunzitsi. Imwani tiyi asanazizire."

A Khoo analandira kapu ndi manja awiri. Munthu wamkulu uja analira pamaso pa tonsefe, mapewa akugwedezeka, osabisa nkhope. Zinandimvetsa chisoni, ndipo nthawi yomweyo mtima unandiwawa, chifukwa ndinadziwa kuti Lolemba ntchito ndilibe.

"Ruolan!" a Pang anatero. "Ganiza bwino. Mwaiwu subweranso."

"Ndaganiza, abwana."

Wenbo anakankha mpando mpaka unagwa. Sanatsanzike munthu. Tinamva mapazi ake akutsika masitepe.

A Pang anatola foni yawo n'kuiika m'thumba. Sanakalipe. Anangokhala ataweramira mbale, ngati munthu amene wauzidwa za maliro.

Potsanzikana pakhomo, a Khoo anamuuza Ruolan kuti, "Usandiimbire foni, usandilembere. Nanenso sindidzakuimbira. Si chidani. Akaona kuti tikuyankhulana, adzaganiza kuti wafunsa." Anakwera takisi, ndipo mtsikanayo anaima pamsewu mpaka inakhota.

5. Mbali inayo

Lolemba m'mawa anatisonkhanitsa pakhonde. Anatiuza kuti gulu lathu lipume kaye kunyumba mpaka makina atakonzedwa. Palibe anafunsa kuti mpaka liti. Ena podutsa pafupi ndi Ruolan ankayang'ana kumbali. Mayi wina anamuuza poyera kuti, "Zikomo kwambiri, mwana wa ulemu. Ana anga adya ulemu wakowo."

Kunyumba nako, Wenbo anali asanamuyankhule Ruolan chichokereni ku lesitilanti.

Ndikutulutsa zinthu m'kabati yanga, a Pang analowa m'chipinda chovulira. Maso awo anali ofiira.

"Ruolan, vala zoyera," anatero. "Akuluakulu akuti makina aja sangakhale otsegula sabata ina, fumbi liwamaliza. Amisiri athu onse akana kuigwira mphete ija. Aliyense akuopa kuti ing'alukira m'manja mwake. Iwe ndi amene unaima pafupi ndi a Khoo miyezi yonseyi. Unaona mmene amagwirira zinthu."

"Mphete sanandionetsepo, abwana."

"Ndikudziwa. Unali ndi mwai wofunsa, unakana. Tsopano uikhazike wekha. Ndi yomaliza, ndipo ina sibwera. Ikang'aluka, anthu onsewa sakupuma, achotsedwa. Ukakananso, makina tiwatsekeratu lero lomwe, ntchito ithere pomwepo."

Ruolan anatsegula kabati n'kutulutsa chovala chake.

"Mphete ija sanyamula munthu mmodzi," anatero. "Pamafunika wogwira mbali inayo."

A Pang anatiyang'ana ife amene tinatsala m'chipindamo. Aliyense anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Wogwira mbali inayo amagawana mlandu, ndipo palibe ankafuna kudzatchulidwa dzina tsiku limene fakitale idzatseke mzere wathu.

Chitseko chinatseguka. Anali Wenbo, chikwama chake chopita nacho kunyumba chili paphewa. Anali atamva zonse ali pakhonde. Anaponya chikwamacho pa benchi, natenga chovala choyera, nayamba kuvala osayang'ana munthu.

"Achimwene," Ruolan anatero.

"Usandiitane."

Analowa awiriwo, ife tikuonera pa galasi la pakhoma. Anachotsa pulasitiki pa makina. Ruolan anavundukula mphete, naika zala zake munsi mwake. Wenbo anaima mbali inayo. Mawu awo ankamveka pa sipika ya m'chipinda chovulira.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," Wenbo anatero. "Ngati mwana wanga akabadwire m'nyumba yopanda ntchito, ndikufuna ndikhale ndinagwirako ndekha. Manja ako akunjenjemera. Aimitse kaye."

Ruolan anapuma mozama mpaka zala zinakhazikika.

"Ndakonzeka," anatero.

"Nyamula."